Cholembera Chofiira

Tsiku limene mwana wanga anauza agogo ake kuti alakwitsa Chichewa, ine ndinali pomwepo pakhonde, buku la galamala lili pamiyendo. Amayi anali atangofika kuchokera kudimba, khasu lili paphewa, ndipo anamutuma kuti akawatungire mvula yakumwa. Mwanayo, yemwe pa nthawiyo anali ndi zaka 8, sanadzuke msanga. Anati, "Agogo, mwalakwitsa. Mvula ndi ija imagwa kumwamba. Akumwa ndi madzi." Sanayankhule mwamwano ayi. Anayankhula modekha, ndi mawu omwewo amene ine ndinkamuuza akaphonya polemba, kenaka anandiyang'ana kudikira kuti ndimuyamikire.

Amayi anaseka pang'ono, n'kuyedzeka khasu kukhoma, n'kupita kukatunga okha. Kwa masabata awiri otsatira sanamuyankhulenso mdzukulu wawo m'Chichewa. Ankamudzutsa m'Chishona, kumutuma m'Chishona, ngakhale kumukalipira m'Chishona. Ndi ine ankayankhula monga mwa masiku onse.

Timakhala ku Mount Selinda, m'boma la Chipinge kum'mawa kwa Zimbabwe, pafupi ndi chipata chimene anthu amatulukira popita ku Espungabera ku Mozambique. Eni dera lino ndi Andau. Ife tinabwera ndi tiyi. Agogo anga anachoka ku Thyolo m'zaka za m'ma 1950 atamva kuti ku Southern Rhodesia ntchito yomweyo yothyola tiyi ikulipirako bwino, ndipo anadzafikira pa imodzi mwa esiteti za kuno, kumene mayina ngati Jersey, Zona ndi Ratelshoek mwana aliyense amawadziwa. Ankati akhala zaka ziwiri basi. Manda awo ali kuno. Kwawo anthu otere amawatcha matchona. Kuno ankawatcha Manyasarandi kapena Mabhurandaya, ndipo mayina awiriwa sankatchulidwa mwachikondi. Amayi anabadwira m'komboni, momwe Chinyanja, Chilomwe, Chiyao, Chisena, Chindau ndi Chishona zinkaphikidwa mumphika umodzi, kapitawo n'kuthiramo Chilapalapa chake. M'Chishona mawu akuti mvura amatanthauza zonse ziwiri, yakumwamba ndi yapachitsime. Amayi anatenga tanthauzolo n'kuliveka Chichewa, ndipo akhala akumwa mvula kwa zaka zoposa 60 popanda wowafunsa.

Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndinayamba kumuphunzitsa mwanayu pakhomo, monga anayesera makolo ambiri. Zitatsegulidwa sindinamubwezere. Ali ndi mphumu, kusukulu n'kutali, ndipo chifunga cham'mawa cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa. Komanso ntchito yanga yomasulira ndimagwirira pakhomo. Buku la masamu silinandivute kusankha, poti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56 ku Harare ndi ku Lilongwe komwe. La Chingerezi ndinakagula ku Mutare, lodzaza ndi ana osewera pa chipale chimene mwana wanga sanachionepo, koma linagwira ntchito yake. A Chishona ndinabwereka kwa mphunzitsi wina woyandikana naye nyumba, chifukwa mayeso a Giredi 7 akumudikira. Chichewa ndicho chinandisowetsa tulo. Palibe anandikakamiza kuchiika pa ndandanda ya maphunziro, ndipo sukulu zonse zimene ndimazidziwa kuno sizichiphunzitsa. Ndinangoona kuti ndikachilekerera, mwanayu adzakhala woyamba m'banja mwathu kumva chiyankhulo cha makolo ake ngati phokoso la nkhalamba zikamacheza.

Ndinayala mphasa n'kuikapo zimene ndinali nazo. Panali Buku Lopatulika la agogo anga, lothothoka chikuto, limene linasindikizidwa koyamba mu 1922. Amayi anaphunzirira kuwerenga m'menemo. M'bukumo chifukwa amalemba cifukwa, vuto ndi bvuto, fuko ndi pfuko. Panali kabuku ka Cinyanja kamene msuweni wanga ananditumizira kuchokera ku Lusaka. A ku Zambia c wopanda h uja sanamutaye mpaka lero. Ndiye panali mtolo umene unabwera pa basi kuchokera ku Blantyre, kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, n'kugona ku Harare usanatsike kuno: mabuku a Chichewa a kupulayimale okonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, ndi buku limodzi la galamala la kusekondale. Ndinasankha mtolo wa ku Malawi. Ndinkadziuza kuti ndausankha chifukwa ndi wokonzedwa bwino, ndipo zimenezo n'zoona. Koma chifukwa china n'chakuti Chichewa cha m'mabuku amenewo ndicho chimandidyetsa. Ondipatsa ntchito yomasulira amafuna chimenecho.

Mabukuwo sindingawanyoze. Amene anapeka mayina a mitundu ya mawu m'Chichewa anali akatswiri odziwa mmene mwana amamvera. Mneni ndiye amanena chimene chachitika. Mlowam'malo amalowa m'malo mwa dzina, ngati mphwake wa mfumu. Mperekezi amaperekeza dzina monga timaperekezera mlendo mpaka pamphambano. Mpumiro ndi pamene umapuma. Mwana wanga anazimva tsiku limodzi, pamene mayina a Chingerezi a zinthu zomwezo anamutengera mwezi. Koposa zonse anakonda mvekero, mtundu wa mawu umene buku lake la Chingerezi linalibe malo ake: kunja kuli zii, nsalu yayera mbee, tsabola wafiira psuu. Magulu a mayina tinkaphunzirira poyenda m'nkhalango ya Chirinda, yomwe ili pafupi nafe. Ine ndikati mtengo, iye amati mitengo, ndikati gulugufe, agulugufe, kanyerere, tinyerere. Mtengo waukulu wotchuka wa m'nkhalangomo, umene alendo amabwera kudzaujambula, ndi mbawa yomwe ija ya ku Malawi, ndipo tsiku limene ndinamuuza zimenezi anauyang'ana ngati waona wachibale.

Koma pamodzi ndi mabukuwo ndinagulanso cholembera chofiira. Ndinamuphunzitsa lamulo lakuti r amabwera pambuyo pa e kapena i, pamene l amakhala pena ponse: kulira, kubereka, koma kulola ndi kukula. Analigwira lamuloli ndi manja awiri. Tsiku lina ndinamupeza atawerama pa mapu akufuna kusintha Lilongwe kuti akhale Lirongwe. Ndinaseka, n'kumuuza kuti mayina a malo amakhululukidwa. Sindinaganizire kuti mwana amene wayamba kukonza likulu la dziko sadzaopa kukonza agogo ake.

M'masabata awiri a Chishona aja ndinali ndi nthawi yokwanira yosinkhasinkha. Funso limene linkandibwerera linali lakuti: kodi ndikamupatsa mwana buku lonena kuti ichi n'cholondola, ichi n'cholakwika, ndimakhala ndamupatsa chiyani? Ine ndinkayesa ndikumupatsa chiyankhulo chokha. Koma ndinamupatsanso sikelo yoyezera anthu, ndipo woyamba kuyezedwa anali amene anamubereka kumbuyo ali khanda. Amayi sikelo amaidziwa bwino. Kwa zaka 30 ankaima pamzere dengu lili kumsana, kalaliki n'kumapisamo dzanja kufuna masamba okhwima, chifukwa tiyi wabwino ndi masamba awiri ndi kansonga. Sankayembekezera kuti atapuma ntchito adzayezedwanso pakhonde la mwana wawo.

Cholondola chimenechi chinachokera kuti? Galamala iliyonse yolembedwa imayambira pakamwa pa munthu wina wake. Mu 1937 katswiri wa ziyankhulo wa ku America, Mark Hanna Watkins, anatulutsa buku lotchedwa A Grammar of Chichewa, ndipo munthu amene ankamuuza mawu ndi ziganizo anali mnyamata wa ku Kasungu wophunzira ku Chicago, dzina lake Kamuzu Banda. Mnyamatayo anachoka kwawo akali wamng'ono, anagwirapo ntchito pachipatala ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu muno mu Zimbabwe, anapitirira ku South Africa, ku America, ku Britain ndi ku Ghana, n'kudzabwerera mu 1958 patatha zaka pafupifupi 40. Pamisonkhano ankayankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Ndi ulamuliro wa munthu yemweyu umene mu 1968, pamsonkhano waukulu wa Malawi Congress Party ku Lilongwe, unasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa n'kuchikweza kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, Chitumbuka n'kuchotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board, yomwe inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, isanalowedwe m'malo ndi Centre for Language Studies mu 1996. Sindikunena izi pofuna kunyoza ntchito ya anthu amenewo, ndimadyera momwemo. Chimandiseketsa chabe n'chakuti tate wa Chichewa cholondola, chimene mwana wanga anayezera mwana wa matchona, anali mtchona wamkulu kuposa onse. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anabwerera ndi mphamvu zolamula kuti pakamwa pa kwawo pakhale muyeso, pamene agogo anga anangotsala ndi dengu. Komanso Chinyanja cha ku Thyolo chimene iwo anabwera nacho kuno sichinali cha ku Kasungu n'kale lomwe.

Nditamufotokozera mphunzitsi uja wondibwereka mabuku, sanadabwe. Iye ndi Mndau. Amishoni a American Board amene anatsegula Mount Selinda mu 1893 anayamba kulemba Chindau ndi kusindikiza mabuku m'chiyankhulocho. Koma mu 1931 Clement Doke anapereka lipoti lake logwirizanitsa ziyankhulo za Chishona, Chindau n'kuikidwa ngati nthambi chabe ya Chishona. Kuyambira pamenepo mibadwo ya ana a kuno inkalowa m'kalasi ikunena kuti kureketa, n'kutuluka itauzidwa kuti mawu oyenera ndi kutaura. Iye mwini anachongedwa choncho ali mwana, ndipo atakula anachonga ana a anzake chimodzimodzi, chifukwa ndi zimene mayeso ankafuna. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anavomereza ziyankhulo 16, Chindau chili pachokha, ndipo Chichewa ndicho choyamba pa mndandandawo, ngakhale kuti chinatsogola chifukwa cha alifabeti basi. Ndinamufunsa ngati zimenezi zinasintha kanthu mumtima mwake. Anati dzanja lake likafika pa mawu a Chindau m'kope la mwana, limanyamukabe lokha.

Apa n'kosavuta kunena kuti tingotaya cholembera chofiira, aliyense aziyankhula ndi kulemba mmene akufunira, poti palibe chiyankhulo cholakwika. Anzanga ena amene tinaphunzira nawo za ziyankhulo amatero, ndipo pa mbali ya sayansi sanama. Koma ndaona kuti onena zimenezi mokweza ndi amene kalembedwe kovomerezeka ali nako kale m'thumba. Ine ndimamasulira timapepala ta zaumoyo. Nditalemba kuti mankhwalawa mumwere mvula yambiri, mayi wa ku Dedza angaime panja ndi beseni kudikira mitambo. Kalembedwe kamodzi ndi kamene kamachititsa kuti munthu wa ku Chipinge alembe, wa ku Chipata ndi wa ku Angónia n'kumva. Ndikukumbukanso tsiku langa loyamba ku Limbe, nditapita ku Malawi kukachita digiri yachiwiri. Ndinamufunsa kondakitala wa minibasi mtengo m'Chichewa changa cha kukomboni, ndipo minibasi yonse inaseka, wina n'kufunsa ngati ndine wa ku Joni. Ndinali nditayenda ulendo wa masiku awiri kupita kumene ndinkati ndi kwathu. Usiku umenewo ndinayamba kuloweza malamulo amene lero ndikuphunzitsa mwana wanga. Ndikamumana malamulowo m'dzina la chilungamo, ndiye kuti ndamutsekera khomo limene ine ndinalowera, iye n'kudzasekedwa m'malo mwanga.

Amayi nawo sanapemphepo kuti Chichewa chawo chilemekezedwe. Ndili mwana ankanditsegulira wailesi usiku ikagwira ya ku Blantyre, n'kunena kuti ndizimvetsera mmene eni ake amayankhulira. Kwa iwo chiyankhulo cha kukomboni chinali chizindikiro chimene anthu ankawazindikirira kuti si a kuno. Chitupa chawo chinali ndi mawu owatcha mlendo m'dziko limene anabadwiramo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri ngati iwo anauzidwa kuti akane unzika wa dziko limene sanalipondepo, ndipo ambiri anangotsala opanda kwawo mpaka malamulo a mu 2013 atavomereza kuti wobadwira muno mwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuuzidwa kuti kuno si kwawo, pamene kwawoko sakukudziwa, amakhala ndi malo amodzi okha kumene safunsidwa chitupa: pakamwa pake, m'nyumba mwake. Mwana wanga anawafunsa chitupa pamenepo.

Chimene chinandithandiza si buku la nzeru zakuya ayi, koma kumvetsera. M'masiku amenewo ndinayamba kulemba mobisa ziganizo za Amayi mmene zimatulukira. Amati basa langa latha. Amati chikoro chathu chatsekedwa. Amati sadza lapsa, bwerani mudzadye. Basa, chikoro ndi sadza ndi mawu a Chishona, koma taonani zowatsatira: langa, latha, chathu, chatsekedwa, lapsa. Mshona akanati basa rangu. Amayi amatenga mawu a mnansi n'kuwakhazika m'gulu la mayina la Chichewa, agwirizanitsi onse n'kugwera m'malo mwake, osaphonya ngakhale mmodzi. Zimene mwana wanga ankavutika kuloweza pa tsamba, agogo ake ankazichita akusenda mbatata. Galamala yeniyeni, mafupa a chiyankhulo, inali yathunthu. Mawu okha ndiwo anali atayenda. Ndipo mabuku anga olondola aja nawonso ndi odzaza ndi mawu oyenda. Sukulu, buku ndi sitolo tinatenga kwa Angerezi. Nsapato ndi kalata kwa Apwitikizi. Chifukwa chiyani kubwereka kwa mzungu kuli Chichewa, koma kubwereka kwa Mshona amene mumatunga naye pachitsime chimodzi kuli kulakwitsa? Yankho lake si la galamala. Olemba mabukuwo sankakhala pafupi ndi Ashona, basi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma buku lililonse limalembedwera m'mbali mwa dziwe limodzi.

Komabe ndiyenera kumuchitira chilungamo mwanayo. Zimene ananena sizinali zabodza. M'Chichewa chimene adzawerenge m'nyuzipepala ndi m'mabuku, mvula ndi yakumwamba. Sindinkafuna kumuuza kuti akhale chete chifukwa choti ndi mwana. Ndinakula ndi malangizo amenewo ndipo ndikudziwa zimene amabisa. Chimene chinavulaza ndi liwu limodzi lija, mwalakwitsa, ndipo liwulo anaphunzira kwa ine. Ndinkalinena kakhumi pa tsiku. Ndinali ndisanamuuzepo kuti pali kusiyana pakati pa kuphonya lamulo limene ukuyesa kutsata ndi kutsata lamulo lina. Iye akalemba kuti mitengo wagwa, waphonya. Agogo ake akati mvula yakumwa, sanaphonye kanthu. Akuyankhula Chichewa cha malo amene buku silinafikeko.

Ndinawapeza Amayi kukhitchini akusonkha moto, n'kukhala pansi.

"Amayi, mwana uja mwamutaya?"

"Ndamutaya bwanji? Sakudya?"

"Simukumuyankhula Chichewa."

Anakankhira chikuni m'kati. "Iwe ukumuphunzitsa cha m'buku. Ukufuna ine ndizikuwonongera? Muleke adziwe chenicheni. Changachi n'cha kukomboni."

Ndinawauza kuti ndalakwa ndine, osati mwanayo. Ndinawauzanso kuti pali zinthu zimene mabuku anga alibe, ndipo ndikufuna azimuphunzitsa iwo Lachisanu lililonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akuona ngati ndikuwanyengerera. Mwina ndinkawanyengereradi pang'ono. Anati aona.

Lachisanu loyamba anayamba monyinyirika, koma atafika pa nkhani ya ntchito anamasuka. Anamufotokozera mugwazo, gawo la ntchito limene munthu ankapatsidwa kuti amalize pa tsiku. Tikiti imene inkachongedwa tsiku ndi tsiku mpaka idzaze. Phoso la ufa ndi nyemba. Mmene umathyolera nsonga ndi manja onse awiri osayang'ana. Mwanayo ankalemba m'kope latsopano. Tinagawa tsamba lililonse pawiri, mbali ina ya mmene amalembera m'mabuku a ku Malawi, mbali ina ya mmene amanenera agogo. Pa mawu ambiri a ntchito ya tiyi, mbali ya mabuku inkatsala yopanda kanthu, ndipo zimenezi anaziona yekha.

Cholembera chofiira sindinachitaye. Ndimachongabe ntchito yake, ndipo akalemba chimangirizo ndimafuna madzi akhale madzi. Ndinangosintha zimene ndimalemba m'mphepete. Akaphonya mgwirizanitsi ndimati konza. Akalemba mawu a agogo ndimati ku Malawi salemba chonchi. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati uku si kungosewera ndi mawu. Mwanayu si wopusa. Akudziwa kuti mbali imodzi ya tsambalo ndi yosindikizidwa, ili ndi chikuto chonyezimira, ndipo inakwera basi kuchokera kutali, pamene inayo ili m'kope la masamba 32. Akudziwa kuti ndi mbali iti imene imabweretsa ndalama m'nyumba muno. Tsiku lina adzakumana ndi wochonga mayeso kapena mkonzi amene sadzalemba mofatsa ngati ine, ndipo sindikudziwa kuti pa tsikulo adzasankha kuchita manyazi ndi ndani. Chimene ndakwanitsa n'chochepa: akamva agogo ake akunena mawu achilendo, tsopano amathamangira kope m'malo mowakonza.

Mwezi wathawu Amayi anapempha kuti aone kopelo. Anavala magalasi awo, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono chala chikutsata mzere, monga amawerengera Buku Lopatulika. Anafika pamene mwanayo analemba kuti mvula ili ndi matanthauzo awiri, lachiwiri n'kulembapo kuti la agogo. Sananene kanthu. Anatsikira m'munsi, kenaka chala chinaima.

"Iwe, tabwera kuno. Apa walakwitsa."

Mwanayo anayandikira. Chala chinali pa mawu akuti chifukwa.

"H ameneyu akufuna chiyani apa? Tandipatsa chofiira chija."

Mwanayo anandiyang'ana. Ine ndinatola cholemberacho pamphasa n'kumupatsa, iye n'kuchipereka kwa agogo ake ndi manja awiri. Amayi anadula h uja mosamala, n'kupitiriza kufufuza ena m'tsamba lonse, ndipo ine ndinapita kukateleka madzi a tiyi.